Ndowa isanakhale ndowa

Kheni yanga yothirira masamba inayamba kudontha mu Juni 2022, nthawi imene mpiru wakuseri kwa nyumba umafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Loweruka lake ndinainyamula kupita nayo kumsika wa Ndirande, mbali ija ya okhoma zidebe, kumene foni ikhoza kulira m'thumba iwe osaimva. M'chikwama munali kope langa lojambulamo. Ndinali nditadziikira lamulo loti tsiku lisadutse ndisanajambule kanthu, ndipo lamulolo ndinkalisunga ndithu, koma moto wake unali utazirala. Ndinkatsegula kope, n'kujambula kapu kapena duwa, n'kutseka. Dzanja linkayenda, mtima uli kwina. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, kunyumba kuli ana ofuna kudya, m'chikwama muli makope a ana a eni ake ofuna kuchonga. Zithunzi sindigulitsa. Funso loti ndikuvutikiranji linkandibwerera pafupipafupi, makamaka usiku.

Zimene ndinaona Loweruka limenelo zakana kuchoka m'mutu mwanga, ndipo n'chifukwa chake kope lidakali m'chikwama mpaka lero.

## Msomali ndi kawaya

Amisiri amene ndinawapeza anali bambo achikulire, atakhala pa kampando kafupi, chidutswa cha njanji chili pakati pa miyendo yawo. Ankandidziwa, mdzukulu wawo anadutsa m'kalasi mwanga. Anaitembenuza kheni ija, naikweza kuloza kudzuwa kuti aone pamene kuwala kukulowera, kenaka anati ndidikire amalize kaye ndowa ya munthu wina. Anandikankhira chigubu kuti ndikhalire. Podikirapo ndinatulutsa kope ndi bolopeni n'kuyamba kujambula ndowa zatsopano zimene anazisanjikiza pambali pawo.

Sanandiletse, sanafunsenso kanthu. Atamaliza kukhoma anapukuta manja pa thalauza.

"Aphunzitsi, tingaoneko?"

Ndinawapatsa. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chawo chodetsedwa ndi dzimbiri chikuyenda m'mphepete mwa tsamba, osakhudza pamene panali inki.

"Ndowa zangadi izi. Mpaka khutu lopindikali mwaliona. Nanga mukudziwa kuti ndowa imakhala yotani isanakhale ndowa?"

Ndinati sindinaganizepo, bambo.

Anakoka lata lowongoledwa kale n'kuligoneka pansi. Anatenga misomali iwiri ndi kawaya. Msomali umodzi anauzika m'dothi, patali ndithu kunja kwa latalo, n'kukolekapo wayayo. Mbali inayo anaikulunga ku msomali wosongoka umene unali m'manja mwawo. Anakungitsa waya, nakoka mzere umodzi wokhota kuchoka kumanzere kufika kumanja, msomali ukulira pa lata. Anafupikitsa waya n'kukokanso mzere wina wokhota m'kati mwa woyambawo. Mizere iwiri yowongoka yotseka m'mbali anaikoka ndi dzanja lokha, popanda rula, ndipo ndinaona kuti ikanapitirira yonse iwiri ikanakakumana pa msomali wa m'dothi uja. Pa lata panatsala chinthu chopindika ngati utawaleza, chotambalala kumtunda, chopapatiza kumunsi.

"Ndowa ndi imeneyi," anatero. "Mzere wautaliwu ndi kukamwa, waufupiwu ndi kuthako. Mukadula lowongoka mupeza chitini, osati ndowa. Apa ndimasiya chala chimodzi cha msoko, apa china chokulungira waya wa m'milomo."

Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo zoterezi ndinazionapo m'mabuku. Koma ndinali ndisanaonepo munthu akuzilemba pansi mosakayika chotero, akulankhula ndi ine, diso lina lili kwa kasitomala amene amafunsa mtengo wa mbaula. Mzere uliwonse anaukoka kamodzi basi. Pa lata palibe chofufutira, ndipo lata ndi ndalama.

Ndinawafunsa kumene anaphunzira. Anati kwa amalume awo, ali mnyamata, ndipo anakhala nthawi yaitali akungowongola malata ndi kudula zolembedwa kale asanaloledwe kugwira msomali. Ndinafunsanso ngati pano amachita kuganiza akamalemba.

"Ayi, dzanja limadziwa lokha. Koma limaiwalanso msanga, aphunzitsi. Ndinagonapo m'chipatala milungu ingapo. Nditabwerera, lata loyamba ndinaliwononga. Maso ankadziwa bwinobwino, koma dzanja linali lidakali kumudzi."

Anatenga sizasi ya malata n'kuyamba kudula motsata mizere ija. Apa m'pamene mtima wanga unagunda. Mizere yokongola chotero, sizasi inkaidya yonse. Pomafika masana panalibe amene akanadziwa kuti inalipo. Bambo amenewa amalemba mizere m'mawa uliwonse umene Mulungu wapereka, sadikira kuti mtima ufune kaye, sayembekeza woombera m'manja, ndipo mizereyo sasunga. Chimene chimatsala ndi ndowa, komanso dzanja loti mawa lidzathe kulembanso.

Kheni yanga anaimata ndi mtovu, ndinalipira, n'kukwera minibasi.

## Zimene zinasintha m'kope

Usiku umenewo ndinajambula ndowa ya kunyumba, koma ndinayamba ndi funso loti anailumikiza bwanji. Ndinapeza msoko wotsika kuchoka kukamwa mpaka pansi, umene ndakhala ndikuugwira tsiku ndi tsiku osauona. Mlomo wa ndowa ndi wonenepa chifukwa lata analikulunga pa waya kuti lisapindike madzi akalemera. Makutu awiri okolekapo chogwirira ali moyang'anizana ndendende, kupanda kutero ndowa ikanapendekeka ponyamula. Pansi pali mkombero wokweza thako kuti lisakhulike pa simenti. Izi zikalowa m'chithunzi, ndowa imaoneka yoti munthu angatungiredi madzi.

Kukamwa kwa ndowa tonse timadziwa kuti n'kozungulira, ndipo dzanja limathamangira kujambula zimene mutu ukudziwa. Koma ukakhala pampando ndowa ili pansi patsogolo pako, diso limaona mkombero wofinyika, wotalika m'mbali, wopanda nsonga kumapeto kwake. Ukaikweza patebulo kufika pa msinkhu wa maso, mkomberowo umafinyikabe mpaka kusanduka mzere umodzi. Mzere wa kuthako umakhota kwambiri kuposa wa kukamwa, chifukwa uli pansi kutali ndi msinkhu wa diso. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amajambula thako lowongoka, ndiye ndowa imakana kukhala pansi.

Kheni nayo ili ndi nzeru zake. Mpopi wake umayambira pansi penipeni n'kukwera mpaka nsonga ifike pa msinkhu wa kukamwa. Ukafupika, madzi amatayika kheni isanadzaze. Kachitsulo kolumikiza mpopi ndi thupi sikokongoletsera ayi, n'kamene kamaletsa mpopiwo kuthyoka.

Funso lomwelo ndinapita nalo kwa anthu. Mayi wosenza ndowa ya madzi khosi lake limakhala njo, mutu sutembenuka, maso okha ndi amene amayang'ana m'mbali, ndipo kugwedezeka konse kumathera m'chiuno. Bambo wokankha njinga ya matumba a makala pachitunda amapendekera m'kati mwa njingayo, phewa lili pa thumba, njinga nayo itatsamira pa iye. Ukajambula munthu ali chilili njinga ili chilili, chithunzi chimanama, ngakhale masipoko onse utawawerenga bwino. Mwana wa kumbuyo amakokera mayi m'mbuyo, mayi n'kuwerama pang'ono kutsogolo, ndipo mfundo ya chitenje pachifuwa ndi imene imaonetsa kuti mwanayo ndi wolemera bwanji.

Mavidiyo a pa YouTube anandithandiza, sindingakane. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti msinkhu wa munthu wamkulu ndi pafupifupi mitu yake 7 ndi theka, ndiponso kuti maso ali pakatikati pa mutu, osati kumtunda kumene ambirife timawaika. Koma anthu a m'mavidiyowo sasenza kanthu. Amangoima manja ali m'chiuno. Anthu amene ndimakumana nawo kuchoka pakhomo kufika kusukulu pafupifupi onse anyamula chinachake, ndipo katunduyo ndi amene amalamula m'mene thupi liimire. Zimenezi uyenera kukaziona wekha pamsewu, modekha. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

## Nthawi yake imachokera kuti

Anzanga a kusukulu amakonda kufunsa kuti nthawi ndimaipeza kuti. Nthawi yopatula ndilibe. Ndimajambula m'mipata imene ilipo kale: minibasi ikudikira kudzaza, pa buleki tiyi akuzizira, nyemba zili pamoto, pamzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi. Mphindi 10 zimakwana. Tsiku labwino zimafika 30.

Pali tinthu tingapo timene tandigwira dzanja. Ndisanajambule ndimalemba deti pakona ya tsamba, chifukwa tsamba la deti lopanda chithunzi limandiyang'ana moti sindingagone. Chimene ndidzajambule mawa ndimasankhiratu usiku, n'kuchiika pamene ndichione podzuka, kaya ndi nsapato ya mwana, loko wa pachitseko kapena chikho. Ndinazindikira kuti chimene chimalepheretsa munthu nthawi zambiri si ulesi, koma kukhala ndi bolopeni m'manja n'kumadzifunsa kuti ndijambule chiyani, mpaka mphindi zija zitatha. Masamba sinding'amba. Choipa chimakhala pomwepo pafupi ndi chabwino, ndipo pakapita miyezi ndimapeza kuti choipa chija chikundiuza zambiri.

Masiku ambiri ndimagwiritsa ntchito bolopeni wamba wa Bic, mwadala. Ndi pensulo umatha kufufuta mpaka pepala kubooka, nthawi yonse n'kuthera pa mzere umodzi. Ndi bolopeni umayang'ana kaye, n'kuyang'ananso, kenaka n'kukoka. Mzere ukapita kolakwika umakoka wina pambali pake n'kupitiriza. Bolopeni amathanso kupereka mthunzi wofewa ukamugwira mopepuka ndi kudutsitsa timizere tambiri, tina pamwamba pa tinzake.

Tsiku likadumphika, chifukwa cha maliro kapena mwana wadwala, sindibweza ngongole. Sindinena kuti mawa ndijambula ziwiri. Ndaona anthu akusiyiratu chifukwa ngongole ya masiku yachuluka ndipo manyazi awagwira. Mawa lake ndimangolemba deti latsopano.

Ndili ndi maganizo amphamvu pa nkhani yodikira kuti mtima ufune kaye. Kudikira koteroko n'kwa munthu amene ali ndi nthawi yambiri. Ife ena mtima umabwera m'mbuyo, dzanja litayamba kale, ndipo masiku ena subwera n'komwe. Chithunzi cha tsiku lotero chimakhala chouma, koma dzanja limakhala lagwirako ntchito.

## Malichi 2023

Namondwe Freddy atafika, mvula inagwa usana ndi usiku osaleka. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi anakokolola nyumba m'madera ena a Blantyre ndi maboma a kum'mwera, anthu mazanamazana anatisiya. Sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinagwa. Sindifuna kunena zambiri, tonse tinalipo.

Kope linali m'chikwama, koma nkhope za anthu sindinajambule ngakhale imodzi. Munthu amene wataya mwana si chinthu choti uzimuyang'anitsitsa kuti uone m'mene mthunzi wagwera pansi pa diso lake. Ena amaganiza mosiyana, amati wojambula ayenera kuchitira umboni, ndipo ndimawalemekeza. Ine sindinathe, ndipo sindinafune.

Ndinajambula zinthu. Ndowa ndi mapoto amene tinatchera m'nyumba pamene denga linkadontha. Khasu la mnansi wanga, litatsamira pakhoma madzulo atabwerako kokathandiza kukumba, matope atauma mpaka theka la mpini. Mulu wa mabulangete m'kalasi, pansi pa bolodi pamene panali padakali masamu a sabata yapitayo. Nsapato imodzi ya pulasitiki m'ngalande. Magetsi kunalibe, ndinkajambula ndi tochi ya foni, ndipo mapepala anali ofewa ndi chinyontho moti inki inkayenderera.

Sindinganene kuti kujambulako kunathandiza aliyense. Kunandipatsa mphindi zochepa tsiku lililonse zoyang'ana chinthu chimodzi chokha, mutu osathamangira uku ndi uku. Masamba amenewo sindinaonetsepo munthu kunja kwa banja langa.

## Pepala, pensulo ndi makala

Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo pafupifupi zipangizo zonse zojambulira zimachokera kunja. Kope la mapepala okhuthala la m'mashopu a m'tauni ndimangolisisita n'kulibwezera pashelefu. Koma ndikukanitsitsa kuti kusowa zipangizo kuletse munthu. Kope wamba lachikuto cholimba limakwana, mizere yake umaiwala pakapita masiku ochepa. Kuseri kwa makalendala akale kuli pepala loyera, losalala. Katoni ya bulauni ndi yabwino kwambiri ukakhala ndi makala ndi choko, chifukwa mtundu wa katoniyo umakhala wapakati, makala n'kupereka mdima, choko n'kupereka kuwala.

Pa mapensulo, zilembo zija za kumapeto zili ndi tanthauzo loti munthu alidziwe asanawononge ndalama. Mtima wa pensulo ndi graphite, mwala wakuda wofewa, wosakaniza ndi dongo. Njirayi anaiyambitsa Nicolas-Jacques Conté wa ku France mu 1795, dziko lake litasowa graphite wabwino wa ku England chifukwa cha nkhondo. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, imeneyo ndiyo H. Graphite akachuluka imafewa n'kumalemba mwakuda, imeneyo ndiyo B. HB ya ana a sukulu ili pakati. Amene akuyamba safunika bokosi lonse. HB ndi 2B zimakwana, ndipo ukapeza 6B ya mithunzi yakuda ndiye wamaliza. Ndimasongola ndi lezala kuti nsonga italike, ndizitha kuigoneka cham'mbali. Nthawi zina ndikamasongola ndimakumbuka kuti ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, akatswiri anapeza graphite wochuluka m'nthaka, pamene ife mapensulo timagula ochokera kunja.

Makala ojambulira ndimapanga ndekha. A pa mbaula ndi olimba, amakanda pepala. Ndimathyola timitengo ta mabulosi tosaposa chala kunenepa, n'kusenda makungwa, n'kuyanika. Tikauma ndimatilongedza m'chitini chokhala ndi chotsekera, n'kuboola kabowo kamodzi pachotsekerapo ndi msomali. Chitinicho ndimachiika pa mbaula ndikamaliza kuphika. Utsi umayamba kutuluka pa kabowo, nthawi zina kamoto kamayaka pomwepo. Utsi ukatha ndimachotsa chitini n'kuchisiya chizizire chili chotseka. Ukatsegula chidakali chotentha, mpweya umalowa ndipo timitengo timayaka n'kusanduka phulusa. M'mawa umapeza makala opepuka, ofewa, ofufutika ndi chala. Vuto lake ndi loti amayoyoka pa pepala, choncho chithunzi chofuna kusunga ndimachiphimba ndi pepala lina loyera.

## Okutobala ndi Facebook

Chaka chilichonse mu Okutobala ojambula a m'mayiko ambiri amachita Inktober, mwambo umene anauyambitsa Jake Parker wa ku America mu 2009: zithunzi 31 za inki m'masiku 31. Ndi chinthu chabwino, chakokera anthu ambiri m'chizolowezi, ndipo chimathandiza kudziwa kuti kwinakwake wina nayenso wakhala pansi ndi kope lake. Mndandanda wa mawu amene amatulutsa chaka ndi chaka ine sindiutsata. Ndimalemba wanga kuchokera pa zimene zili pakhomo ndi pamsika: lichero, mtondo, sefa, chiwaya cha tchipisi, nsengwa, loko, mpando wa ndalema. Kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, thukuta la padzanja limanyowetsa pepala, choncho ndimaika kapepala pansi pa chikhatho ndi kujambula m'mamawa.

Kuika zithunzi pa Facebook ndi nkhani ina. Kumalimbikitsa, koma kumakhotetsanso dzanja pang'onopang'ono osazindikira. Nkhope ya woyimba wotchuka yokopera pa foni anthu amaikonda mazanamazana. Ndowa imapeza anthu atatu, mmodzi mwa iwo ndi mchemwali wako. Ukamatsata zimenezo umapezeka ukukopera nkhope za pa foni mwezi wonse. Kukopera kuli ndi luso lake, ndipo ena amadyera pomwepo mwaulemu, sindikuwanyoza. Koma kamera imakhala itagwira kale ntchito yovuta, yosandutsa chinthu chokhala ndi kutsogolo ndi kuseri kukhala chafulati. Diso lako silivutika, ndiye silikula. Ndinasankha kuti kope la tsiku ndi tsiku likhale langa ndekha. Ndimaika chimodzi mwa apo ndi apo, chikandisangalatsa.

Pojambula anthu pafupi ndimapempha kaye. Ena amakana, ena amafunsa ngati ndikukagulitsa, ena amaseka n'kukonza mpango. Wakana, wakana. Wavomera ndimamuonetsa ndikamaliza, ndipo ndemanga zawo n'zosapita m'mbali. Mayi wina wogulitsa tomato anayang'ana n'kunena kuti, "Madamu, milu yanga ndimaika anayi pansi, mmodzi pamwamba, muzionetsetsa." Ndemanga yotero pa Facebook sungaipeze.

## Ku Mphunzi

Patchuthi china ndinapita ku Dedza kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo ake onse alipo 127, omwazikana m'mapiri. Ine ndinafika ku Mphunzi. Zojambula zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula, zambiri ndi mizere, mikombero ndi timadontho. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala, zokhudzana ndi chinamwali cha atsikana komanso Nyau, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi.

Ndinakhala pansi kuyesa kukopera chimodzi choyera, cha miyendo inayi yotambasuka ndi madontho pamsana. Pokopera m'pamene ndinaona kuti m'malo ena zoyerazo zinapakidwa pamwamba pa zofiira. Amene anabwera pambuyo sanaope mwala woti wina analembapo kale. Anali ndi choti aphunzitse, anatenga dothi loyera n'kupaka. Ndinaganizira amayi amene ankalangiza atsikana pamalo ngati amenewo, chala chili m'dothi, ndipo ndinamva kuti ntchito ya choko pa bolodi ili ndi makolo ake. Anthu akamanena kuti zojambulajambula ndi zachizungu, kapena kuti n'zamasewera a ana, ndimafuna nditawakweza minibasi ya ku Dedza.

## Kalasi, ndi nkhuku

Chizolowezichi chinalowa m'kalasi mwanga mosachita kukonzekera. Pa phunziro la Expressive Arts ndinasiya kujambula pa bolodi kuti ana akopere. Ndimaika chinthu chenicheni patebulo, ketulo, nsapato, khasu, n'kuwauza kuti asagwire kaye pensulo. Timayamba ndi mafunso. Chogwirira chalumikizidwa pati? Cholemera chili mbali iti? Ukachikankha chingagwere kuti? M'kalasi ya ana ochuluka chonchi a kumbuyo saona bwino, ndiye ndimachiyendetsa mzere ndi mzere, aliyense achikhudze.

Ndaona kuti ana opanga magalimoto a mawaya amamva msanga kuposa anzawo. Amadziwa kale kuti tayala limafuna chitsulo chodutsa pakati, kuti chiwongolero chiyenera kufika kumatayala a kutsogolo. Atsikana oumba tiziwiya ta dothi nawo sasokonezeka ndi kukamwa kwa mphika. Ambiri mwa ana amenewa si amene amakhoza bwino mayeso, ndipo pa phunziro limeneli ndi pamene anzawo amawaunjirira kuti aone. Mwana akati, "Madamu, ine sinditha," sindimuuza kuti amatha. Ndimamufunsa kuti wayang'ana kangati, n'kumuuza ayang'anenso kawiri asanakoke mzere wina.

Ineyo mwezi uno ndili pa nkhuku, ndipo zikundivuta. Nkhuku siima. Ukangokweza maso yatembenuka kale. Ndayamba kumwaza madeya pamalo amodzi m'mawa n'kujambula tizithunzi tambiri ting'onoting'ono patsamba limodzi, kalikonse ka masekondi ochepa, n'kusiya kosatha nkhuku ikasuntha, n'kudzakapitiriza ikabwerera m'mene inaimira poyamba. Miyendo ndi imene inkandisokoneza kwambiri, mpaka tsiku lina pokonza nkhuku ya ndiwo ndinaipinda ndi kuitambasula ndisanaidule. Mfundo imene imaoneka pakati pa mwendo, yopindikira kumbuyo ija, si bondo ayi, ndi chidendene. Bondo lenileni lili kumtunda, lobisika m'nthenga pafupi ndi thupi, ndipo nkhuku imayendera zala zokha. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi bondo losaonekalo, mopepuka, kenaka n'kutsikira pansi. Tambala ndiye sanandilolebe, mchira wake umasintha nthawi iliyonse mphepo ikawomba, choncho sabata yamawa ndimuyamba m'mawa kwambiri kunja kudakali bata.